Mchenga wa Pakati pa Dengu

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinayamba kudana ndi matemba. Kudya ndinkadya, ndisaname, makamaka akawathira nsinjiro. Koma ntchito yake ndinkaida ndi mtima wanga wonse.

Kwathu tinabadwa ambiri, choncho makolo anga ananditumiza ku Kachulu kukakhala ndi amayi aakulu, Abiti Yusufu, amene Mulungu sanawapatse mwana. Ndinkangowaitana kuti amayi, ndipo ndiwatchula choncho m'nkhani ino. Anali munthu wamfupi, wosalankhula zambiri, wa zikhatho zokhakhala. M'mamawa mabwato akamafika padoko, iwo ankagula matemba aawisi kwa asodzi, n'kuwatsuka, n'kuwayanika pathandala lofika m'chiuno limene pamwamba pake anayalapo ukonde wakale. Anzawo ambiri ankangoyanika pansi, poti pamchenga wotentha nsomba zimauma msanga. Amayi ankakana zimenezo. Kumsika wa Songani, kumene ankakagulitsa sabata iliyonse, ankadziwika ndi chinthu chimodzi chokha: matemba a Abiti Yusufu alibe mchenga. Analibe golosale kapena bwato. Chuma chawo chonse chinali mbiri imeneyi.

Ine ndikaweruka kusukulu, ntchito yanga inali kutembenuza matembawo, kuchotsamo tinkhono ndi zinyalala za m'nyanja, ndi kupirikitsa akhwangwala. Lamulo linali limodzi: temba likagwa pansi silibwereranso pathandala. Linkapita m'kachitini ka ndiwo zathu, zimene tinkatsuka katatu tisanaphike. Chifukwa chake sanandiuze, inenso sindinafunse. Ndinkangoti ndi nkhanza za anthu opanda ana, Mulungu andikhululukire.

Fungo ndi limene linkandipweteka kwambiri. Ndikasamba ndi sopo linkakhalapobe, m'zikhadabo, m'tsitsi, ngakhale m'makope a kusukulu. Anyamata a m'kalasi mwathu anandipatsa dzina loti Abiti Matemba, ndipo ndikamalowa ankagwira mphuno. Ndikaima pathandala maso anga sankakhala pa nsomba. Ankakhala pa minibasi zonyamuka kupita ku Zomba. Ndinkadziona nditavala diresi loyera la unamwino, manja anga akununkhira mankhwala.

Tsiku lina ndinadandaula mokweza kuti ntchito imeneyi si ya munthu wopita kusukulu.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, Hawa," anatero amayi, osatukula n'komwe mutu.

"Ndiye fodya wangayo akununkha nsomba," ndinayankha. Anaseka mpaka kutsokomola, koma ntchito sanandichotsere.

Zimene ndikufuna kunena zinachitika pa holide, m'nyengo yotentha. Amayi anapita kumaliro kumudzi woyandikana nafe, n'kundisiyira matemba ouma kuti ndilongedze m'dengu lalikulu la kumsika. Ndili mkati molongedza, ndinaona mtsikana wina wa m'dera lathu, amene anapeza ntchito m'sitolo ku Zomba, akutsika minibasi atavala nsapato zazitali, tsitsi lake lolukidwa bwino. Ndinasiya dengu m'mphepete mwa thandala n'kuthamanga kukamuona. Pobwerera ndinapeza mbuzi yalikankha. Matemba ochuluka anali mbwee pamchenga.

Ndinayang'ana uku ndi uku, panalibe amene anaona. Ndinawatola mwachangu, ndinawakutumula m'chitenje, ndinawauzira ndi pakamwa. Kenako ndinachita zimene ndinkaziona ngati nzeru: abwino ndinaika pansi pa dengu, ogwa aja pakati, abwino ena pamwamba. Amayi atabwera anangoyang'ana pamwamba n'kunena kuti ndagwira ntchito. Mumtima ndinati, ogula ali kutali, sakundidziwa, ndipo kamchenga pang'ono sikanaphepo munthu.

M'mawa mwake amayi anadzuka msana ukuwawa, ndipo anati ndiwaperekeze kuti ndikawathandize kunyamula. Kwa nthawi yoyamba ndinakwera minibasi imene ndinkaisirira ija, koma sindinaimve kukoma. Dengu linali kumbuyo, likudumphadumpha m'mabampu, ndipo mtima wanga unali komweko.

Ku Songani ndinaona mmene anthu amagulira matemba. Munthu amatola limodzi, n'kuliluma, n'kumvetsera m'mano. Mchenga ukalira amalavula n'kupita kwa wina. Koma kwa amayi ambiri ankangofika n'kutambasula jumbo, osalawa. Poyamba ndinanyada nazo. Kenako ndinayamba kuyang'ana mmene matemba ankatsikira m'dengu, mbale ndi mbale, ndipo thukuta limene linkandituluka silinali la dzuwa lokha.

Chakumasana kunafika mayi wina wamtali, wovala chitenje cha mpingo chofwifwa, mwana ali kumsana. Amayi anamulonjera kuti amake Dalitso. Mwanayo anali ndi zaka ziwiri, koma ukamuona ukanati sanakwanitse chaka. Tsitsi lake linali lofiirira ndi lapatalipatali, timikono tonga bango, maso okha ndi amene anali aakulu.

"Nanga abwana athu adzuka bwanji?" anafunsa amayi, akumugwira kaphazi.

"Adzuka, amayi. Dzana tinali kusikelo, akuti wakwerako pang'ono. Anamwino mpaka anandiombera m'manja."

Ataona kuti ndine mlendo, mayiyo anayamba kundifotokozera, monga amachitira munthu amene nkhani yake yamukomera. Dalitso anadwala nthawi yaitali ndipo ankakana chakudya chilichonse. Kuchipatala analangiza mayiyo kuti azisinja matemba ouma, kusefa, n'kumathira ufawo m'phala. Matemba osinja satsukidwa, chifukwa akanyowa sasinjika. Amalowa mumtondo mmene achokera kumsika.

"Ndinagulapo kwa ena kamodzi," anatero. "Atangomva mchenga m'kamwa, anatseka pakamwa masiku atatu, ngakhale phala loyera kulikana. Ndinalira, mwana iwe. Kuyambira pamenepo ndimadikira amayi akowa. Matemba awo sindilawa."

Akulankhula choncho, amayi anali atapisa kale mbale m'dengu. Ndinawazindikira matemba amene anatuluka. Sankawala ngati anzawo aja, anali otuwa pang'ono. Mayiyo anatambasula kansalu koyera kamene anabwera nako, ndipo Dalitso anasuzumira paphewa pa amake n'kundiyang'ana.

Ndikanatha kukhala chete. Tikanabwerera ku Kachulu, ndipo zoti mwanayo watsekanso pakamwa masiku ena atatu sindikanazimva. Ndinaganizadi zimenezo, ndipo mpaka lero ndimachita manyazi kuti ndinaziganiza. Koma pakamwa panga panatseguka pokha.

"Amayi, amenewo ayi."

"Watani?"

"Anagwa pansi dzulo. Mbuzi inagwetsa dengu. Ndinawaika pakati."

Amayi sanandiyang'ane. Anatola temba limodzi n'kuliluma, ndipo ngakhale panali phokoso la msika, ine ndinamva mchenga ukulira m'mano mwawo. Anapisa dzanja mpaka pansi pa dengu, kumene ndinaika abwino, n'kulumanso lina. Nalonso linalira. Mabampu a mumsewu anali atasefera mchenga uja mpaka pansi.

"Amake Dalitso," anatero mofatsa, "lero ndilibe matemba a mwana. Pepani."

Mayiyo anapinda kansalu kake pang'onopang'ono. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anangoti, "Ufa watsala wa mawa lokha. Ndiye ndimupatsa chiyani?"

"Mutipatse masiku atatu. Tibwera nawo kunyumba kwanu."

Mayiyo atachoka, amayi anachita chinthu chimene sindidzaiwala. Anaimirira, msana ukuwawa womwewo, n'kuyamba kuitanira ndi mawu okweza: "Matemba a mchenga awa! Otsuka kaye musanaphike! Otchipa!" Azimayi ogulitsa nawo pafupi anaseka. Wina anati, "Abiti Yusufu, lero mwayanika pansi ngati ife?" Iwo anangoti, "Lero yatigwera." Dzina langa sanalitchule. Ine ndinakhala kuseri kwa dengu, misozi ikugwera pamaondo.

Pobwerera ndinkadikira mbama, koma sinabwere. Tikudikira minibasi ku Zomba anandigulira chigumu. Kenako anandikonza mpango umene unapendekeka kumutu.

"Kulakwa n'kwanga, Hawa," anatero. "Ndinakuuza kuti temba lisagwe pansi, koma sindinakuuze mwini wake. Ntchito yathuyi sithera pathandala. Imakathera m'kamwa mwa munthu."

Sanabwerezenso nkhaniyi moyo wawo wonse.

M'mawa mwake ndinawapempha kuti matemba a Dalitso ndikonze ndekha. Aawisi atabwera kuchokera padoko, ndinawatsuka kawiri, ndinakutumula ukonde wa pathandala, ndinawayala limodzilimodzi. Masiku awiri amenewo sindinachoke pathandala, ngakhale kukamwa madzi ndinkachita kuitana wina kuti andiyang'anire. Kamphepo kakayamba kuulutsa fumbi ndinkawafunditsa chitenje changa. Minibasi zinkabwera ndi kupita, ndipo ndinadabwa madzulo kuti sindinawerenge ndi imodzi yomwe. Nkhawa yanga inali imodzi: ufa uja watha, kodi mwana uja akudya?

Tsiku lachitatu tinafika kunyumba kwa amake Dalitso, kumtunda kwa msika. Tinapeza kuti dzulo lake mwanayo anangolawa masipuni awiri a phala loyera n'kukana. Mayiyo analandira matembawo ndi manja awiri. Ndinaona dzanja lake likutola limodzi kupita nalo kukamwa, kenako anaima, anandiyang'ana, n'kulibwezera. Anawathira mumtondo osalawa.

Phala litapsa ndi kuzizira, anandikhazika pamphasa n'kundiika mwanayo pamiyendo. Anali wopepuka moti ndinachita mantha kuti ndimuthyola.

"Mudyetse ndiwe," anatero. "Si wakonza ndiwe?"

Dalitso anayang'ana sipuni, anayang'ana ine, milomo ili yotseka. Ndinamunyengerera ndi timawu tonse timene ndinkadziwa. Ananunkhiza dzanja langa, dzanja lomwe lija la fungo la nsomba, ndipo mwina fungolo ndi limene analidziwa, chifukwa anatsegula pakamwa. Anameza, n'kutsegulanso. Anadya mpaka mbale inayera, kenako anagona tulo atagwira chala changa. Ndinamva chimwemwe chimene ndinali ndisanachimvepo, ndipo ndinalira osachita manyazi. Amayi anayang'ana kumbali, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

Ntchito ya pathandala sinasinthe. Dzuwa linkaotchabe, ntchentche zinali zomwezo, ndipo masiku ena ndinkadandaulabe. Koma ndinayamba kuwafunsa amayi za ogula awo, ndipo ankandiuza: agogo ena a mano awiri, mphunzitsi wina wosakwatira, mayi wa ana amapasa. Ndikamatembenuza matemba ndinkadziwa amene ndikuwatembenuzira, ndipo masana ankatha msanga.

Unamwino sindinaupeze, mayeso sanandikomere. Lero ndimachapa ndi kusita nsalu zogonera pachipatala china, m'chipinda cha kuseri chimene odwala sadziwa n'komwe kuti chiliko. Ndi ntchito ya nthunzi ndi msana, malipiro ake ndi ochepa, ndipo makalata ofunsira ntchito ina ndinalembapo angapo. Sindinena kuti munthu asafune zabwino kuposa zimene ali nazo. Chimene ndazindikira n'chakuti ntchito imawawa kwambiri ukamaionera pamene waimapo pokha. Kukoma kwake kumakhala kumene ikukathera, ndipo kawirikawiri palibe amene amakutengera kumeneko, umayenera kupita wekha.

Choncho mtima ukayamba kuwawa, ndimawauza anzanga kuti nsalu za kuwodi ya ana ndipititsa ndine. Sabata yatha ndinapeza mayi wina ataima pafupi ndi bedi lopanda kanthu, mwana wotentha thupi ali m'manja, akudikira. Ndinayala nsalu imene ndinasita m'mawa womwewo. Sanandifunse dzina, ndipo sanaitembenuze kuti aone ngati yayera. Anangomugoneka mwana wakeyo.