Eko ya dzanja lonjenjemera

Kuseri kwa nyumba yathu ku Linda kunali kachipinda komwe kale tinkasungiramo makala. Amuna anga anakhoma mabulangete ndi matileyi a mazira m'makoma mwake, n'kukatcha situdiyo. Ine ndinali telala, ndinkasoka pakhonde, ndipo za nyimbo ndinalibe nazo ntchito kupatula kudandaula kuti mabulangete anga akutha.

Koma tsiku losakaniza nyimbo ndinkaitanidwa ndithu. Masiku amenewo oimba akamaliza kujambula, kuphatikiza zonse kuti zikhale nyimbo imodzi kunkafuna manja ambiri. Tepi ikayamba kuzungulira, wina akweze gitala, wina atsitse ng'oma, aliyense pa nthawi yake. Mmodzi akaphonya, tinkayambiranso. Ine amuna anga anandipatsa mabatani a ng'oma ndi besi. Kabatani ka eko, kaja kamachititsa mawu kumveka ngati munthu akuimba m'tchalitchi mopanda anthu, sankalola aliyense kukakhudza. Woimba akamatchula mawu iwo ankakatsitsa kuti uthenga umveke, ndipo akafika kumapeto kwa mzere ankakakweza mwapang'onopang'ono mpaka liwu lizimiririka lokha.

"Eko ni monga mchere, ba telala," ankatero. "Mukaika maningi mwaononga ndiwo."

Ndinkawaseka kuti munthu wosadziwa kuphika asamatchule mchere. Koma kunena zoona, dzanja lawo pa kabatani kaja linkandisangalatsa kuliona.

Ndiye dzanja lomwelo linayamba kunjenjemera. Ndinaliona poyamba pa kapu ya tiyi. Kuchipatala anawapatsa mapilitsi, koma sizinasinthe kwenikweni. Dzanjalo anayamba kumaliika m'thumba la thalauza alendo akabwera, tiyi n'kumamwera kuchipinda. Tsiku lina tikusakaniza nyimbo yovina ya kalindula ya anyamata ena, eko inalumphalumpha, tinabwereza mpaka anyamatawo anayamba kugwedezana zigongono. Anyamatawo atachoka, amuna anga anati agulitsa zonse. Ndinachita mantha. Njala sitikanagona nayo, makina anga osokera ankatidyetsa. Chomwe ndinkaopa n'chakuti munthu uja, atachoka m'kachipinda kaja, akanakhala pansi pa mango mpaka kutheratu.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 tinapeza kompyuta yakale kwa mzungu wina wa ku Highlands amene ankabwerera kwawo. Inali ndi pulogalamu yokumbukira dzanja la munthu. Ukakweza eko kamodzi nyimbo ikuyenda, inkajambula mzere pa galasi, kenako n'kumabwereza yokha momwe wachitiramo. Mzerewo unkathekanso kuuwongola. Kuwongola mizere ndiyo ntchito ya telala, choncho tinagawana: iwo aziyendetsa eko monga khutu lawauzira, ine ndizichotsa kunjenjemerako pambuyo pake. Ntchito inayambanso kuyenda. Chokhacho, ndikayamba kuwongola iwo ankatuluka, ati akukaona nkhuku. Nkhuku tinali nazo, koma sizinkafuna kuonedwa kangapo pa tsiku. Ankachita manyazi, ndipo zinkandipweteka.

Masana ena otentha kunabwera mayi wina wa ku Mongu, wogulitsa nsomba zouma pamsika, amenenso ankaimba kwaya kutchalitchi kwawo. Ankafuna kujambula nyimbo imodzi ya Mulungu m'Chilozi kuti atumize kaseti kwa amayi ake okalamba kumudzi. Analibe gitala kapena ng'oma. Anavula nsapato, naimirira pakati pa mabulangete anga, n'kuimba.

Tsiku limenelo dzanja la amuna anga linavuta kuposa masiku onse. Mzere wa eko unatuluka ngati mano a sowo. Amuna anga anauyang'ana kamodzi, nakumbukira nkhuku.

"Lekani nimveleko," anatero mayi uja.

"Ba mayi, sitinasilize. Nifuna niwongole first."

"Awe, nimveleko chabe."

Ndinaisewera. Mawu ankamveka bwino, koma kumapeto kwa mzere uliwonse liwu linkapita likugwedezeka, kubwera n'kuchoka, kubwera n'kuchoka, mpaka kutha. Ine ndinamva cholakwika. Mayi uja anamvetsera, manja ali pachifuwa, mpaka nyimbo inatha. Nditagwira mbewa ya kompyuta kuti ndiyambe ntchito yanga, anandigwira pamkono.

"Musagwileko."

Ndinayesa kufotokoza kuti si mmene ziyenera kukhalira, koma sanafune kumva.

"Kwathu manzi yakasefukila, muntu akaimba mu bwato kutali, mau yamafika so. Ba mama bazaziba kuti ni kunyumba. Bamene bacita ici baziba nchito."

Ndinatembenuka. Amuna anga anali pakhomo, ndipo sindikudziwa kuti anaima pamenepo kuyambira liti. Analowa, nakhala pa mpando wawo, n'kuiseweranso nyimbo ija, mutu atauweramitsa. Itatha anandiyang'ana cham'mbali.

"Mwamvela ka, ba telala? Si vonse vofunika kusita."

Ndinawayankha kuti asadzitame, popeza sanachite dala. Anaseka, mayi uja nayenso anaseka, ndipo kaseti inapita ku Mongu ili choncho, pamodzi ndi shuga ndi sopo.

Dzanja silinachire, ndipo mizere ndinapitiriza kuiwongola, chifukwa kalindula safuna eko yogwedezeka. Koma kuyambira tsiku limenelo nkhuku zinapuma. Ankakhala pambali panga ndikamawongola, akuloza pa galasi ndi chala chawo chonjenjemeracho: apa chotsani, apa siyani. Tinkakangana kwambiri, ndipo ndinali wokondwa.

Mayi uja atapita, mawa lake kutabwera alendo ochokera kumudzi wa Mukuni kudzafunsa za kujambula ng'oma zawo, amuna anga anatuluka ndi kapu ya tiyi, n'kukhala nawo pakhonde. Theka la tiyiyo linatayikira pa nsalu ya kasitomala yomwe ndinali nditangoidula. Ndinawakalipira pamaso pa alendo, monga ndinkachitira kale asanadwale, ndipo iwo anangopitiriza kumwa.