Manja a Nelia

Ndikukumbukira chaka chimene mng'ono wanga Nelia anapita kusukulu ya ana osamva. Kwathu kwa Kaomba fodya anali atangolowa m'chigafa, zala zathu zili noninoni ndi utomoni wa masamba. Nelia anabadwa wosamva. Pakhomo tinkangomukodola, mwina kumuponyera kachitsononkho kuti acheuke. Kusukulu ya m'mudzi anangokhalako teremu imodzi, kumbuyo kwenikweni, akujambula nkhuku pansi pamene anzake ankaimba a, e, i, o, u.

Za sukulu inayo tinamva kwa mayi wina wa kutchalitchi, amene mdzukulu wake ankaphunzira kumeneko. Abambo anakana. "Mwana wosalankhula, akakadwala kumeneko akauza ndani?" anatero uku akusoka fodya. Amayi anayankha motsitsa mawu: "Nanga kuno amauza ndani?" Abambo anapitiriza kusoka fodya wawo. Patapita masiku anabwera ndi sutikesi yamalata kuchokera kuboma.

Nelia anakwera matola akumwetulira, poyesa ndi ulendo wa kumsika. Amayi, amene anamuperekeza, anabwerako okha maso ali psuu. Anati denga la kogona linali lodontha, bulangete ankafunda awiri, ndipo mphunzitsi mmodzi ankathamanga m'makalasi angapo. Miyezi yonseyo mphasa yathu inandikulira.

Patchuthi anabwera ataonda, atametedwa mpala, koma manja ake sankapuma. Anatikhazika pakhonde n'kuyamba kutiphunzitsa kulankhula ndi manja: madzi, njala, kupweteka, mawa. Kenako anatipatsa mayina. La amayi linali dzanja pamutu, ngati wosenza ndowa. Langa linali chala pampata wa mano anga. Abambo anali chapatali, akunamizira kukonza njinga yomwe sinawonongeke. Nelia anawaloza, n'kusisita pakati pamutu pomwe panali dazi lawo, atatukumula masaya. Tinaseka mpaka misozi. Abambo anayesa kukwinya nkhope koma zinawakanika.

Anasiya njinga ija n'kudzanjuta patsogolo pake, atatambasula manja awo ong'aluka ndi khasu. Nelia anawapinda zala chimodzichimodzi. Chinthu choyamba chimene abambo anafuna kufunsa chinali chakuti, "Kodi mumakhuta kusukuluko?" Nelia anapukusa mutu. Ndi manja, ndi nkhope, anafotokoza kuti nyemba zake zinali zofumbwa, ndipo mtsikana wina wamkulu ankamulanda sopo. Aka kanali koyamba abambo kumva dandaulo la mwana wawo. Anapukuta m'maso ndi chipewa, amvekere ndi fumbi la fodya. Sukulu itatsegulira anamuperekeza okha, atasenza thumba la mtedza, ndipo anakaonana ndi aphunzitsi za mtsikana uja.

Lero Nelia ndi telala pa Mtunthama. Zinthu zasinthako. Makolo sabisanso ana aulumali m'nyumba ngati kale, ndipo sukulu ya kwathu ili ndi chipinda chawochawo. Koma mphunzitsi wake ndi mmodzi, amazungulira masukulu ambiri panjinga, moti masiku ambiri pachitseko pamakhala loko. Mwezi watha ndili kwa Nelia, mayi wina amene anatopa kudikira pachitseko chimenecho anabwera ndi kamtsikana kake kosamva. Nelia anaimitsa makina, nsalu ya mwini ili pakati, n'kugwada kuti alingane nako msinkhu, n'kuyamba kukaphunzitsa kulankhula ndi manja. Wosoketsa anadikira mpaka dzuwa kupendeka, ndipo palibe anamupepesa.