Tsiku limene amayi analira maliro a munthu wamoyo

Fizi yanga ya ku sekondale inkalipiridwa ndi munthu wakufa. Amayi ankanena choncho, ndipo sankanama kwenikweni. Bambo wina wobadwira kwathu kuno ku Mwanza anaphunzira kwambiri n'kukamwalirira kunja, ndiye akazi awo anayambitsa bungwe lolipirira ana osauka fizi m'dzina la malemuwo. Chaka chilichonse bungwelo linkachita mwambo wa chikumbutso pasukulu imodzi, ndipo ndili folomu yachiwiri mwambowo unabwera pasukulu yathu ku Thambani.

Ahedi anatiuza mosapsatira kuti pamwambo pomwepo akuluakulu a bungwe adzatchula ana amene apitirize kuthandizidwa, ndipo kuti amayang'ananso khalidwe, la mwana ndi la kwawo komwe. Ine ndinachita mantha. Akanandichotsa, sukulu ikanathera pomwepo, chifukwa manachesi amene amayi ankagulitsa pamsika sakanakwanira fizi. Masiku angapo tinkayeserera chinthu chachilendo chotchedwa mphindi ya chete: kuimirira, kuweramitsa mutu, osatsokomola, osadzikanda.

Makolo anaitanidwa, koma iwo palibe anawayeseretsa. Amayi atamva kuti ndi chikumbutso cha malemu, zinawapweteka mumtima. Munthu akuwaphunzitsira mwana, koma iwo kumaliro ake sanapite, ngakhale chipepeso sanapereke. Anati zimenezo n'zopanda umunthu. Tsikulo anamanga mpango kumutu, anasenza dengu la manachesi, n'kutenga anzawo awiri a kutchalitchi odziwika ndi mawu amphamvu.

Kutsogolo kwa tenti anapachika chinsalu chokhala ndi nkhope ziwiri. Ina inali ya malemu, bambo woonda wa maso achisoni. Inayo inali ya wapampando wa bungwe, bambo wonenepa wa magalasi, amene anali atakhala pomwepo akudzikupiza ndi pepala.

Ahedi analengeza mphindi ija. Tonse tinaimirira, kunangoti zii. Amayi anayang'ana uku ndi uku n'kuganiza kuti anthu akuchita manyazi, poti kwathu kulira maliro kumafuna woyambitsa. Anatula dengu, anakhala pansi patsogolo pa chinsalu, n'kuyamba kubuma.

"Mwatisiya ndi yani ife, bambo? Mwana wanu ali folomu thuu!"

Anzawo aja analandira kulirako ngati nyimbo ya kwaya. Vuto linali lakuti onse atatu analunjika kwa bambo wonenepa. Pambuyo pake amayi anafotokoza kuti ameneyo ndiye ankaoneka wa ndalama, woondayo ankamuyesa dalaivala. Analira mpaka kutamanda masaya a pachithunzi, ati taonani, munthu anapita akadali ndi thanzi lake.

Wapampando anavula magalasi, anayang'ana chinsalu, anadziyang'ana pamimba, n'kuvalanso. Ana asukulu mapewa ankangogwedezeka. Ahedi sanayang'ane amayi, anayang'ana ine. Ndinakwiya kwambiri, misozi inalengeza, ndipo mumtima ndinali nditayamba kale kusankha malo anga pamsika pafupi ndi amayi.

Kenako mayi wamasiye uja, munthu wamng'ono thupi wa imvi, anadzuka pampando. Ndinkayesa akukaitana alonda. Anavula nsapato, anayenda pang'onopang'ono, n'kukhala pafumbi pambali pa amayi.

"Amuna anga si awo, mayi," anatero. "Awo ndi achimwene anga, ndi awo akhala apowo. Amuna anga ndi awa oondawa."

Amayi anapukuta misozi ndi chitenje, anamuyang'anitsitsa wapampando, anayang'ana woonda uja. Sanapepese ayi. Anangodzikhwekhwereza pang'ono chakumanzere n'kuyambiranso pomwe anasiyira, kupatula za masaya zija. Posakhalitsa ndinamva mawu achinayi, aang'ono, osasa. Mayi wamasiye nawonso anali akulira, atagwira mkono wa amayi. Azimayi ena anachoka m'mipando n'kukakhala nawo pansi. Ahedi anayang'ana wotchi kangapo, kenako anaisiya.

Zitatha, wapampando anaimirira kutchula mayina. Anayamba n'kuthokoza kuti waona maliro ake ali moyo, ndipo kuti anthu anabwera ambiri ndithu. Anthu anaseka, ine sindinaseke mpaka nditamva dzina langa. Ndinangokhala pansi asanatiuze kukhala.

Pobalalika, amayi anandituma kukapereka dengu lija ngati chipepeso, iwo akunditsatira. Mayi wamasiye analilandira ndi manja awiri. Anawauza amayi kuti amuna awo anaikidwa kudziko lachilendo, pakati pa anthu olira chamumtima, ndipo kuti zaka zonse za mwambowu anthu ankangowawerengera zolankhula n'kuwaombera m'manja. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakhalapo nawo pansi.

Amayi anagwedeza mutu n'kunena kuti akanadziwa, akanabwera kalekale.