Kansalu Kachinayi ka Mayi Simbi

Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi alembi a parishi okha. Ena onse ankangoti Mayi Simbi, chifukwa kwa zaka makumi awiri ndi zitatu ndiwo ankachapa ndi kusita nsalu za pa guwa. Anali mayi wamfupi, wa zipsera za makala m'mikono, wosadziwa kunong'ona. Simbi yamagetsi imene parishi inagula anaikana, ati imasita ngati ikupepesa.

Chaka chilichonse, pa tsiku lokumbukira sisitere woyera amene anaphunzitsa anthu za Chifundo cha Mulungu, amuna anayi ankanyamula chithunzi chachikulu cha Yesu pa machira n'kuzungulira nacho m'misewu 3 koloko masana. Aliyense wa anayiwo ankakhala ndi kansalu koyera paphewa. Tinsaluto ankasita ndi Mayi Simbi, ndipo ankatiika okha pamapewapo pakhomo la tchalitchi. Wopanda kansalu sankakhudza machira. Lamuloli palibe analilemba, koma palibenso analiphwanyapo.

Chaka chimenecho mwana wawo, kalipentala, anali atangotuluka kundende. Anakhalako zaka zinayi chifukwa chothyola sitolo, ndipo mayi ake sanamuikire kumbuyo ngakhale tsiku limodzi. "Anabadi," ankatero, "ndipo ukaidi wake anaugwira wonse." Mwanayo atabwera anapeza machira akale atadyedwa ndi chiswe, n'kukhoma atsopano. Komiti yokonza mwambowo inawalandira ndi manja awiri. Koma atapempha kuti anyamule nawo, nkhope zinasintha.

"Musatimve molakwika, mayi," anatero wapampando wa komitiyo, yemwenso anali mmodzi wa onyamula. "Ifetu tinamukhululukira kale. Koma anthu mumsewu adzati chiyani? Adikire chaka chamawa."

M'mawa wa tsikulo Mayi Simbi anapeza mwana wawo akulongedza macheka ndi hamala m'bokosi.

"Machira anga akuwafuna, amayi, koma phewa langa ayi. Ndikwera basi ya 3 koloko. Ndikakhale kumene sakundidziwa."

Mayiwo anachita mantha, chifukwa ankadziwa kuti akapita sadzabweranso. Kenako manthawo anasanduka mkwiyo.

"Vala malaya oyera aja ukaime pakhomo la tchalitchi. Basiyo ukakwere utandiona kaye."

Anasita tinsalu tinayi monga mwa nthawi zonse, koma tsikulo simbi inkagunda tebulo mpaka kumveka panja.

Nthawi itakwana, anthu anali atadzaza bwalo. Ansembe anali atatsogola kale kugeti ndi kwaya. Kalipentala uja anaima pambali, bokosi lili pamapazi, maso pansi. Mayi Simbi anaika kansalu koyamba, kachiwiri, kachitatu. Wapampando anali atatsitsa kale phewa. Mayi Simbi anamulambalala, n'kukaika kachinayi pa mwana wawo.

"Mwalakwitsa, mayi," anatero wapampando chapansipansi.

"Bambo, zaka zonsezi sindinawotchepo nsalu, ndipo sindinalakwitsepo phewa."

"Komiti inagwirizana."

"Komitiyo imamva zimene imapemphera? Tsiku ndi tsiku timapemphera kuti Mulungu achitire chifundo dziko lonse. Dziko lonse kupatula mwana wanga?"

Kenako mmodzi wa onyamula, mlamu wake wa wapampando, anachotsa kansalu kake n'kukakoleka pa mtengo wa machira.

"Ine sindinyamula ndi wakuba."

Wapampando anapinda manja. Amuna ena onse, amene amadziwa kuyankhula pa misonkhano, mwadzidzidzi anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Kwaya inali itayamba kale nyimbo.

"Amayi, zisiyeni," ananong'ona mwana uja. "Ndipite basi."

Mayi Simbi anatenga kansalu kaja, kukakutumula, n'kukaika paphewa pawo. Chiyambire mwambowo mkazi anali asananyamulepo machira, koma kansalu kanali paphewa, ndipo lamulo ndi lomwe lija. Anawerama n'kulowetsa phewa pansi pa mtengo wakutsogolo, moyandikana ndi mwana wawo.

"Inu awiri kumbuyoko, mukudikira chiyani? Kwezani."

Anakweza. Popeza mayiwo anali afupi, chithunzi chonse chinapendekera mbali yawo, ndipo kulemera konse kunatsikira pa iwo. Komabe anatuluka pageti mutu uli m'mwamba, akuyang'ana aliyense amene amawayang'ana.

Pamphambano, basi ya 3 koloko inaima kudikira kuti gululo lidutse. Kondakitala anali akuitanabe anthu pakhomo. Kalipentala sanacheuke. Bokosi lake linali litatsala pakhomo la tchalitchi, ndipo misozi inkatsikira pa malaya oyera aja.

"Amayi," anatero, "chapendekera kwanu. Chikupwetekani."

"Chisiye chipendekere," anayankha Mayi Simbi. "Iwe yenda."