Batani Lofiira la ku Jeppestown

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa kashopu kotsukira zithunzi ku Jeppestown, mumzinda wa Joni. Pakona panali kompyuta yoti makasitomala azikonzera okha zithunzi zakale: kuika pa sikana, kufufuta madontho, kuwalitsa nkhope. Munthu akatuluka asanasunge, makinawo ankafufuta zonse kuti wobwera pambuyo asaone za mnzake. Anthu ankadandaula nazo, ndiye bwana anandiuza kuti ndikonze chenjezo.

Ndinalikonza ndi mtima wonse. Mawu ake ndinawalemba m'Chingerezi, m'Chizulu ndi m'Chichewa: "Simunasunge. Mukatuluka, chithunzi chanu chitayika." Batani losungira ndinalipanga lalikulu, lobiriwira. Lotulukira linali kang'onong'ono, kofiira ngati tsabola. Ndinkadzitama kuti ngakhale chidakwa sichingasokoneze.

Tsiku lina kunabwera mayi wa ku Machinga, wodwala pakati, ali ndi mlamu wake. Mwamuna wake anali atangoikidwa m'manda ku Joni komweko. Mlamuyo ankakwera basi masana omwewo kukatula katundu wa malemu kumudzi, ndipo chithunzi chimodzi chokhacho cha malemu chinali kupita kwa apongozi, amene sankamufuna mayiyu n'komwe. Mafoni athu nthawi imeneyo analibe kamera. Iye ankangofuna kuti mwana akadzabadwa adzaione nkhope ya bambo ake.

Tinachiika pa sikana, mlamu anatenga chithunzi chake n'kuthamangira basi. Mayiyo anatsala akufufuta timadontho pang'onopang'ono, milomo ili gwa.

Kenako kunalowa mdala wa ndevu zoyera, atavala kofia. Anangoima kumbuyo kwa mpando n'kutsokomola. Mayiyo anacheuka, anadzidzimuka, n'kukanikiza potulukira. Chenjezo langa linatulukira bwinobwino. Ndinamuona akuliyang'ana. Anadziwa kuti kusunga kumafuna kusankha kukula kwa pepala ndi kudikira makina. Chala chake chinapita pa kofiira paja.

Ndinathamangira pomwepo.

"Mayi! Eish, simunaone chenjezo?"

"Ndaona, achimwene. Ndawerenga."

"Nanga mwakanikiziranji pofiira?"

Anandiyang'ana ngati wopusa ndine. "Abambo aimirira. Ine ndikhale pampando, iwo akundidikira?"

Mdalayo anali atakhala kale, akufunsa kuti zithunzi za pasipoti timajambulira pati. Kompyutayo sankaifuna n'komwe. Ndinapsa mtima, koma ndikanakalipira ndani? Inenso ndinaleredwa chimodzimodzi. Ndinali nditaganizira osawerenga, othamanga, oledzera, koma za munthu amene awerenge, amvetse, n'kutayabe chifukwa cha ulemu, sizinandibwerere m'mutu.

Ndinafufuza paliponse m'makinamo. Munalibe kanthu. Foni ya mlamu inali yozimitsa.

"Chabwerera?" anafunsa chapansipansi, kuti mdala asamve.

Ndinapukusa mutu.

Anakonza mpango wake, napinda mawondo pang'ono kutsanzika mdala uja, n'kunena kwa ine: "Basi, ndizidzangomufotokozera mwanayo kuti ankaoneka bwanji."