Ng'oma Pakati pa Maungu

Ng'oma ija inali yaifupi, yonenepa pamimba ngati mtondo, ndipo chikopa chake chinali cha ng'ombe yamawangamawanga, ubweya osachoka bwino m'mbali. Ikaombedwa ndi dzuwa inkanunkha. Amayi ankaitulutsa m'nyumba, amalume n'kumaibwezamo kuopa agalu. Anaisema ndi amalume, inde, koma amene anachititsa kuti isemedwe ndine, ndi makutu anga omwewa.

Chaka musandifunse, ine sukulu ndinangoionera pawindo. Chimene ndikudziwa n'chakuti mano anga akutsogolo anali atangoguluka, ndipo tinali titatha dzinja limodzi ku Henga. Kwathu ndi ku Dedza. Abambo ankayendetsa thirakitala ya boma, ndiye atawasamutsira kumpoto anatenga amayi ndi ine. Iwo ankachoka m'mawa, nthawi zina sabata yonse osaoneka. Amayi ndiye ankatsala okha ndi Chitumbuka chimene sankachimva. Akapereka moni ku chitsime, azimayi ankayankha mawu ambirimbiri, iwo n'kungoyang'ana pansi. Posakhalitsa kunamveka kuti mkazi wa dalaivala ndi wonyada. Wonyada ndani? Munthu ankachita kulankhula ndi chimanga chake kuseri kwa nyumba, mbewu yoyera imene anabwera nayo kuchokera kumudzi ataimanga pansonga ya chitenje. Ndinawamvapo tsiku lina akuchifunsa ngati chagona bwino.

Atatopa anatumiza mawu kumudzi, ndipo titangokolola amalume anafika kudzatitenga. Kwathu mawu a malume pa mlongo wake ndi ana ake salowa m'khutu n'kutulukira kwina. Abambo ankangokhala pakhonde n'kumapukuta manja ndi kansanza, manja oti analibe ndi girisi yemwe. Anagwirizana kuti chimanga chikangouma bwino, ine, amayi ndi amalume tikwera basi, abambo atsala ndi thirakitala yawo. Ine ndinkapemphera kuti chisaume.

Nyengo imeneyo inali ya zionetsero. Loweruka lililonse kunkakhala chionetsero cha zaulimi pabwalo la sukulu ina, lero uku, sabata yamawa uko, ndipo ine ndinkapita ndi abambo nditakhala pa chitsulo cha pamwamba pa tayala, mano otsalawo akugundana ndi kuzizira. Eee, kunali zoona. Ng'ombe zamphongo zosambitsidwa ngati zikupita ku ukwati. Magalimoto a boma atandandalika, azibambo akuwazungulira manja kumbuyo, wina kugogoda tayala ndi phazi ngati agula. Fungo la dizilo, fumbi, nzimbe, zitumbuwa. Abambo ankalima mzere umodzi wowongoka anthu akuonerera, akafika kumapeto n'kukweza chipewa. Tsiku lina kunadutsa kandege m'munsi kwambiri, tonse tinakhulupirira kuti kabwerera ife. Lero ndikuganiza kuti kankangopita kwake. Amayi sanapiteko ndi kamodzi komwe. Ankati akaonako chiyani munthu wopanda womuuza kuti taona icho.

Kutsidya kwa khwawa kunali mayi wina wamtali, wa mpata kumano, amene ankatsogolera gulu la azimayi a m'mudzimo. Tsiku lina ndinamupeza ataima pampanda pathu akuyang'anitsitsa nkhokwe ya amayi. Anandikodola, poti ankadziwa kuti ine Chitumbuka ndayamba kutolako kumasewera.

"Ukaŵaphalire amama," anatero, "pa chiwoneskero chithu ŵize na ngoma zawo."

Ndinathamanga mpaka kukhitchini. Ndinati mayi wamtali uja akuti chionetsero cha pasukulu yathu chikafika, mubwere ndi ng'oma.

Tsono tamverani. Kumeneko ngoma ndi chimanga. Ng'oma ndiye yoimba ija. Mawu awiriwa amasiyana pang'ono ngati tsitsi limodzi, amangosiyanira m'mphuno. Ine Chitumbuka changa chinali cha phada ndi chotukwanirana, za kumunda ndikanazidziwira kuti?

Amayi za ng'oma sanafunse n'komwe. Anangondifunsa katatu konse kuti, "Anati ine?" Amalume ndi amene anadzuka pampando. Kumudzi anali woimba ng'oma wodziwika, ndipo anati ndiye kuti mbiri ya manja a kwathu yafika mpaka kuno. Ulendo anauimitsa okha. Anati sangachoke m'dziko la eni atapemphedwa chinthu n'kusiya mlongo wawo ndi manyazi. Anadula mtengo kukhwawa, chikopa anakachipeza kwa opha ng'ombe, ndipo masabata atatu pakhomo panali gogogo. Abambo ankaiona ng'omayo ikukula, koma iwo ndi alamu awo masiku amenewo ankangopatsana moni basi. Iwo Chitumbuka ankachimva, ndiye akanafunsa funso limodzi lokha, nkhani yonseyi bwenzi kulibe.

Loweruka lija linafika, ulendo wa ku Dedza uli Lolemba. Amayi anavala diresi yawo ya kutchalitchi, anadzola mafuta mpaka m'zigongono. Amalume patsogolo ng'oma ili paphewa, amayi pakati, ine kumbuyo ndikudzimva kuti zonsezi ndakonza ndine.

Tebulo la azimayi a m'mudzi mwathu linali pansi pa mtengo wa mango. Panali maungu, nyemba m'timbale, mtedza, mbatata zotsukidwa. Pakati penipeni anasiyapo malo, atayalapo kansalu koyera, popanda kanthu. Mayi wamtali uja atationa anamwetulira, n'kuyang'ana pamutu pa amayi, n'kuyang'ana m'manja mwawo. Anafunsa kuti ngoma zili kuti. Amalume, mwaulemu wonse, anatsitsa ng'oma ija n'kuikhazika pa kansalu koyera kaja, pakati pa maungu. Anabwerera m'mbuyo pang'ono kuti anthu aione bwino.

Azimayi aja anayang'ana ng'oma, n'kuyang'anana. Kenako mayi wina wokalamba anayamba kutsokomola, koma sichinali chifuwa. Kuseka kunagwira tebulo lonse, wina mpaka anakhala pansi pafumbi atagwira nthiti. Aphunzitsi a pasukulupo, amene ankadziwa zilankhulo zonse ziwiri, anabwera kudzamva. Anafunsa uku, anafunsa uku, ndipo akulimbana ndi milomo yawo anafotokozera amayi kuti azimayiwa ankafuna chimanga chija. Anali atachiona chili m'munda kuyambira chikumera, ankachikambirana ku chitsime, ndipo ankadalira chimenecho kuti tebulo lawo lipambane. Oweruza anali atafika kale patebulo lachiwiri kuchokera pathu, ndipo kunyumba kunali kutali.

Ine ndinabisala kuseri kwa amalume. Amalume analibe kobisala. Amayi sanandiyang'ane n'komwe. Anangotembenuka kuti azipita.

Mayi wamtali uja anawagwira dzanja. Misozi ya kuseka ili m'masaya, anamasula chitenje chake chapamwamba n'kuwamanga nacho m'chiuno, mfundo yolimba, monga amachitira akafuna munthu alowe m'bwalo. Ndiye anatembenukira kwa amalume n'kulankhula Chichewa chake chothyokathyoka.

"Imwe asibweni, mwabwera nayo. Imbani."

Asibweni ndiye malume kumeneko. Amalume anayang'ana mlongo wawo. Amayi chitenje chija sanachimasule. Basi amalume anaichotsa ng'oma pakati pa maungu, kuipana m'miyendo, kuigunda kamodzi kuti amve ngati chikopa chauma. Anayamba chimtali cha kwathu. Azimayi a ku Henga sankachidziwa, anayamba kuponda mwa kwawo, mapazi kusemphana ndi ng'oma. Amayi anapirira kuonerera pang'ono, kenako zinawakwana. Analowa pakati kuti awaonetse poponda. Ine ndinali ndisanawaonepo amayi akuvina chichokereni kumudzi, ndinali nditaiwala kuti ali ndi chiuno.

Anthu anasiya magalimoto, anasiya ng'ombe, kubwera ku mango. Nthawi imeneyo n'kuti abambo ali pakati polima mzere wawo wowongoka uja. Anacheuka kuti aone kumene anthu awo apita, anaona amene akuvina, ndipo khosi silinabwererenso kutsogolo. Mzere wa tsiku limenelo unapindika ngati chikwakwa. Akuluakulu awo anawakalipira, iwo ankangoti inde bwana, akumwetulira.

Tebulo lathu silinapate kanthu. Oweruza anapeza kansalu koyera kali ndi chizindikiro cha pansi pa ng'oma, eni tebulo onse ali kuvina. Mphoto inapita kumudzi wina, ndipo chimanga chawo, ndikuuzeni zoona, chinali chofanana ndi zala zanga.

Lolemba m'mawa amalume anali atamanga katundu wawo. Amayi anali akupeta pakhomo, osavala za ulendo. Amalume anawayang'ana nthawi yaitali, n'kungofunsa kuti, "Achemwali, ndikanene chiyani kumudzi?" Amayi anati akanene kuti chimanga sichinaume. Chinali chitauma gwa. Abambo anawaperekeza alamu awo mpaka kumsewu atawanyamulira chikwama, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawamva akuseka limodzi.

Tikuchokera kumsewuko, kutsidya kwa khwawa kunamveka mawu. Anali mayi wamtali uja ndi anzake, ndowa zili pamutu, akuitana kuti, "NyaNgoma, tiyeni ku maji!" Ena anali akuseka. Ine magazi anandiwira. Ndinatola mwala, ndikulira, ndikuti akuwanena amayi anga chifukwa cha kulakwa kwanga, ndipo dzina limeneli silidzawachoka. Silinawachokedi, mpaka pamaliro awo ankalitchula lomwelo. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kumeneko mkazi aliyense wa pamudzi amaitanidwa ndi Nya kutsogolo, NyaUje, NyaUje, ndipo wopanda dzina lotere amangokhala mkazi wa dalaivala. Ndinangoima pamenepo mwala uli m'manja, ndikudabwa kuti munthu akunenedwa chonchi, bwanji wasiya lichero pansi nkhuku zikuona, n'kuthamangira ndowa.