Selotepi ya a Fabiano

Tsiku lomwe a Kingstone Fabiano anaika keke pa pulogalamu ya maliro, Limbe yense inamva dzuwa lisanafike pamutu. A Dauda, mlamu wa malemu, anaima pakhomo pa kashopuko, mapepala makumi asanu ali m'manja, n'kuwerenga mokweza: "Kulowa kwa mkwatibwi. Kuvekana mphete. Kudula keke. Bambo Fabiano, mlamu wanga wagona m'bokosi, kekeyo adula ndani?"

A Fabiano kwawo ndi ku Nsanje. Anataipa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu mu ofesi ina ya inshuwalansi m'tauni, pa taipilaita, maso pa pepala, zala zikuyenda zokha. Ntchito itatha anatsegula kashopu ku Limbe: makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a ukwati ndi a maliro. Kompyuta anagula monyinyirika. Tizithunzi totsegulira mafayilo sankationa bwino, koma magalasi ankawakana, ati ndi a nkhalamba. Choncho anamata selotepi pa sikirini, pamwamba pa kachithunzi kalikonse, n'kulembapo ndi bolopeni: UKWATI, MALIRO, NTCHITO. Selotepiyo inakhalapo zaka zisanu mpaka inada bii, tintchentche titafera m'mbali mwake. Amiseche amati sikiriniyo inali ngati manda.

M'mawa wa tsikulo makina anafunsa zinazake m'Chingerezi, a Fabiano anangovomera kuti asawachedwetse. Inali apudeti, makina akudzikonza okha mwatsopano. Kadontho kanazungulira ola lathunthu, ndipo kompyuta itayakanso tizithunzi tonse tinali titasamuka. Pansi pa MALIRO panakhala ukwati. Iwo anadina pa malo a masiku onse, kulemba dzina la malemu a Morris pamwamba osayang'ana pansi, n'kutumiza ku pulinta.

"Galimoto yopita ku maliro ku Chigumula inyamuka 1 koloko," anatero a Dauda. "Tikachoka opanda pulogalamu, mpingo wathu sudzapondanso pano."

Mpingowo ndiwo unkabweretsa ntchito zambiri pa kashopuko. A Fabiano anathimitsa kompyuta n'kuyatsanso. Anauzira mausi. Anapeza kachithunzi ka maliro katabisala pakona, katayera mbuu ngati pepala losalemba. Atakadina, makina anati fayiloyo sakuidziwa.

"Zonyansa!" anatero, milomo itapotoka. "Taipilaita yanga sinasunthepo chilembo ndi tsiku limodzi lomwe. Ichi chikulowa m'nyumba mwanga n'kusuntha mipando osandifunsa. Mwano!"

Phokoso linadzutsa mayi Constance a saluni ya khomo loyandikana. Analowa chipeso chili m'tsitsi, anagwira mausi, n'kuisiya msanga.

"Iii, a Fabiano, ikumata! Mumadyerapo mandasi?"

Anaikulunga ndi pepala limodzi la keke lija. Kenaka anasuzumira pakati pa maselotepi, kufufuza dzina la fayilo m'mafoda, ndipo inapezeka ili bwinobwino.

"Kachithunzi ndi chikwangwani chabe, bambo. Chikwangwani chikagwa, nyumba imakhalapobe."

Anafufuta kachithunzi koyera kaja, kupanga katsopano, kukakoka n'kukaika pansi pa MALIRO. A Fabiano anataipa ngati mvula ya matalala, ndipo pulinta inalavula pepala lomaliza kutatsala mphindi khumi. A Dauda anawerenga mzere uliwonse ndi chala, kawiri, n'kutuluka osatsanzika.

A Fabiano sanathokoze. Anakhala tsonga, akuyang'ana kompyuta ngati mbale yomwe mwagwera mphemvu.

"Abweranso amenewa," anadzilimbitsa mtima. "Aona okha kuti wolakwa ndi makinawa."

Mayi Constance anali kale pakhomo, akupukuta zala pa chitenje.

"Sabweranso, bambo. Ine ndikanakhala namfedwa, mapepala aja ndikanakudyetsani limodzilimodzi."